Mtondo Wanga pa Geti la ku Mayadi

Ukwati wanga unathera pakhonde la alongo anga ku Wusakile, dzuwa likuswa mtengo, ndipo ine msozi ayi, sindinagwetse ngakhale umodzi. Ndinasamba, ndinadzola mafuta, ndinamanga duku langa lofiira, ndinakhala pamphasa khanda lili kubere. Odutsa mumsewu ankayesa pali chinkhoswe, mayi wina mpaka anaimba nthungululu. Ine ndinamulandira, ee, ndinamulandira ndithu.

Bambo a ana anga tinakwatirana kumudzi, kum'mawa, ukwati wa ankhoswe, kutchalitchi tinali tisanamange. Atapeza ntchito pamgodi ananditumizira mawu, ndinakwera lole ndi kabokosi kanga ndi mtondo umene anandisemera atate, ndinafika ku Kitwe. Iwo ankatapa miyala pansi ndi fosholo, ine ndinkabala ana pamwamba, atsikana atatu. Tinkadya, tinkaseka. Kenaka anayamba sukulu ya madzulo. Chizungu chitalowa m'kamwa mwawo, ine ndinayamba kulakwa paliponse. Akuti ndimaseka ngati ndili kudambo. Akuti ndimaimba ngakhale potsuka mbale. Akuti anzawo akabwera ndizikhala kuseri, poti nyuzi ndimaigwira chadodolido. Tinakangana mpaka miphika inatopa, ankhoswe anatopa, ifenso tinatopa. Sanandisiye ayi. Tinasiyana.

Ankhoswe anali awiri. Wanga anali alongo angawo, akulu kwa ine, nawonso ogwira ntchito pansi pamgodi. Wa bambo a ana anali amalume awo, nkhalamba yosoka nsapato ku Ndola, imene inabwera pa basi itavala jekete ngakhale kunali kotentha.

"Ana ndi a kuchikazi, pamenepo sitikanganapo," anatero amalumewo. "Kwathu ndi mmene zilili, ngakhale tili m'tauni. Koma ana sadya mwambo. Azidya chiyani?"

Bambo a ana anali atakonzekera kale. "M'manja mwa mayi uyu ine sindiikamo kanthu, ngakhale mchere wa pasupuni. Mawa akwatiwa, ndiye ine ndizinenepetsa mwamuna mnzanga? Ana azibwera kwanga, azidzadyera kwanga, masana ndi madzulo. Mlongo wanga aziwaphikira."

"Mwamuna winayo mwamuona kuti?" ndinafunsa ine. "Tandilozerani, mwina ndi wokongola."

Amalume anatsokomola kubisa kuseka. Alongo anga ananditsinzinira diso kuti nditseke pakamwa.

Ndinavomera. Ndikanakaniranji? Nyumba ya pamgodi imatsata ntchito ya mwamuna, ndiye inatsala yawo, ine ndi ana tinalowa m'kachipinda kwa alongo anga. Koma panali pafupi, kuseri kwa mpope basi. Mwana akatsokomola kwa atate ake ine ndinkamva ndili pakhomo. Wamkulu ankagwira mnzake dzanja, n'kupita, n'kudya, n'kubwera milomo ikunyezimira. Khanda linkadya kwa ine, mphika wake unali chifuwa changachi, umene palibe anaukumbukira pa panganolo. Wothiramo nkhuni ndinali ine ndemwe. Ndinkagula nshawa, mtedza uja, kwa anthu ochokera kumudzi, ndinkasinja, ndinkasefa, ndinkagulitsa nsinjiro kumsika. Akazi a Chibemba ankazikonda potendera chibwabwa, nkhwani uja, ankati za ine sizituluka mafuta, zimagwa ngati ufa.

Ndiye ufulu unabwera. Tinavina ife, tinavina mpaka zitenje zinamasuka m'chiuno! Mkuwa unkagulidwa bwino, m'masitolo munadzaza mawailesi ndi njinga, azungu ena anamanga katundu napita. Mipando yawo inafuna anthu, ndipo sukulu ya madzulo ija inabala. Bambo a ana anavala chisoti choyera, anakhala shifiti bosi, woyang'anira anzawo pansi. Nsanje sindinachite, malaya amene ankapitira kusukuluko ndinkachapa ndine, pa chisoticho panali thovu langa. Anakwatira mphunzitsi wa Chibemba, anagula galimoto kwa mzungu wopita kwawo, anapatsidwa nyumba ku Nkana East, kumayadi, kumene kale munthu wakuda ankalowako ngati ali khukhi kapena wolima maluwa.

Nyumba inasamuka, pangano linatsala pomwepo.

Ana anga anayamba ulendo. Akaweruka kusukulu, wamkulu, amene mabere anali asanamere n'komwe, ankabereka wamng'ono, poti anali atasiya kuyamwa ndipo nayenso anayenera kukadyera kwa atate ake. Wachiwiri ankatsata pambuyo. Ankadutsa njanji, ankadutsa msewu waukulu wa ku Ndola umene malole amathamangamo ngati akuthawa maliro. Kupita kawiri sizinatheke, ankadya kamodzi, pamasitepe a khitchini kuseri kwa nyumba, n'kubwerera. Pofika kwathu chakudya chinali chitathera m'miyendo. Ndinkawaphikiranso phala ine, phala limene mwa pangano silinalipo.

Mvula itayamba, tsiku lina anabwera ndi mayi wogulitsa makala, munthu wosamudziwa, atamunyamula wachiwiri uja kumsana. Lole inaliza hutala pafupi naye, mwana anathamanga osaona kutsogolo, anagwera pa miyala ya panjanji. Bondo linang'ambika, nyama yoyera kuonekera. Ndinamutsuka ndi madzi amchere akukuwa, wamkulu ataima pakona ngati walakwa ndi iye. Ndinathokoza mayi wa makalayo, ndinamupatsa nsinjiro, ndipo ndinati basi, zakwana.

Ndinatuma alongo anga kwa alamu awo. Ndinati mukanene kuti pangano lija tinamanga nyumba zili pafupi, tsopano zatalikirana, timangenso. Chakudya chizibwera kuno.

Anabwerako akukanda m'mutu. "Akuti pangano ndi pangano. Akuti ngati njira yatalika, ana asamukire konko, onse atatu, nkhani ithe."

"Inu munati chiyani?"

"Mlongo wanga, ganiza bwino. Kuli magetsi chipinda chilichonse. Kuli bafa. Sukulu ya kumeneko ndi imene ankaphunzira ana a azungu."

"Ndafunsa kuti munati chiyani."

Anakhala pansi, anayamba kumasula zingwe za jombo. "Pansi paja amandiuza pokumba ndi iwo. Tikiti yanga ya malipiro amachonga ndi iwo. Ukufuna ndikangane ndi munthu amene wagwira mphika wa nyumba inoyi?"

Apa ndipo ndinaona bwino. Nkhoswe yanga inali m'thumba mwa bambo a ana. Ndikapanda kutumiza ana, adzati ndaphwanya pangano ndine, ndikuwamana atate awo. Ndikawatumiza, tsiku lina lole sidzaliza hutala. Ndipo mwamunayo anali atangokhala phee kumayadi, kudikira kuti nditope ndiwapereke ndekha. Ana atatu amene ndinawabala ndikuluma chitenje, ndiwapereke ngati nkhuku za chindapusa? Ine? Mwana wa amayi anga ine? Ayi, ayi, ayi.

Kwathu mkazi akakhala ndi chomuwawa, pabwalo salankhula, amachithira mumtondo. Amasinja akuimba, anzake akuvomera, mudzi wonse ukumva, ndipo palibe angamuimbe mlandu chifukwa dzina la munthu satchula. Apongozi aulesi anawongoka ndi nyimbo ya pamtondo. Amuna oyendayenda anabwerera kunyumba ndi nyimbo ya pamtondo. Ndinaganiza kuti ngati ana ayenera kuyenda, ndiziwaperekeza ndekha kudutsa msewu uja. Koma ndikangokhala pageti manja ali pamiyendo, nsinjiro asinja ndani? Ntchito iyenera kupita nane.

Bondo litayamba kuuma, ndinabereka wamng'ono, ndinaika nkhata pamutu, ndinasenza mtondo. Wamkulu ananyamula munsi ndi sefa, wachiwiri kathumba ka nshawa. Akazi a pampope anafunsa, "Mwasamuka kodi?" Ndinati, "Ndikukaona kumene kunapita ufulu."

Kumayadi kunali zii. Misewu yamitengo mbali zonse, udzu wometa ngati mutu wa msilikali, agalu okha ndiwo ankalankhula. Ana analowa pageti, anazungulira kuseri kumasitepe awo. Ine sindinalowe. Ndinatula mtondo kunja, patsinde pa mtengo wamaluwa ofiirira, pamsewu wa boma, boma limene ndinalivinira mpaka chitenje kumasuka. Ndinathira nshawa. Ndinalavulira m'manja. Gu! Gu! Gu! Agalu onse a mumsewuwo anadzuka. Ndipo ndinayamba.

Anapiye anga ayenda, ayenda,
chimanga chili kwa tambala.
Tambala wavala nsapato,
anapiye zala zatha ndi miyala.
Ee, zatha ndi miyala!

Mawu anga si a m'chipinda. Kutchalitchi amandiika kumbuyo kuti akutsogolo amveke. Tsiku loyambalo ndinadziimbira ndekha, ndinadzivomera ndekha, makatani okha ankagwedezeka m'mazenera. Ana atakhuta tinasenza katundu wathu, tinabwerera.

Chimene bambo a ana anaiwala ndi ichi. Nyumba za kumayadi zinali za mabwana, koma makhitchini anali athu. Ophika, ochapa, olera ana, ambiri anali akum'mawa ndi a ku Nyasalande, anthu amene anakulira pafupi ndi mtondo ndipo anali ataulakalaka zaka ndi zaka. Mawa lake ndili pakati pa nyimbo, kuseri kwa mpanda wamaluwa wa nyumba yoyandikana kunatuluka mawu a mwamuna, aakulu ngati ng'oma: "Ee, zatha ndi miyala!" Ndinasuzumira. Anali khukhi wokalamba, atavala zoyera, mpeni wa anyezi uli m'manja, misozi ili mbwee. Sindikudziwa ngati inali ya anyezi.

"Amayi, kwanu n'kuti?" anandifunsa.

Ndinamuuza.

"Ha! Tsidya la mtsinje wathu lomwe! Musaleke, amayi. Kuno timangomva makina ometera udzu."

Sanachedwe atsikana olera ana a azungu. Ankatuluka masana kukawayendetsa anawo m'tingolo tawo, ndipo tingolo tonse tinayamba kudziwa njira imodzi. Ankaima mozungulira mtengo, ankawomba m'manja, wina ankandilanda munsi kuti akumbukire kwawo. Tiana ta azungu tinkagona tulo tabwino ndi gu, gu ameneyo. Ndipo ankagula! Nsinjiro zinkatha ndisanafike kumsika. Ndinapita kukamenya nkhondo, ndinapezako makasitomala. Nyimbo yachiwiri anandithandiza kuipeka ndi iwo omwe.

Lole ya ku Ndola, ima ndikufunse,
mwana uyu ukumudziwa?
Kwawo kuli chisoti choyera,
iye bondo lili psuu.
Ima, lole, ima!

Masiku oyambawo bambo a ana anali pa shifiti ya masana, ankangomva mbiri. Atasintha shifiti anandipeza. Galimoto inaima pageti, anatsika, anayang'ana mtondo, anayang'ana atsikana aja, amene anabalalika ndi tingolo tawo ngati mpheta. Anandiyandikira, analankhula motsitsa mawu, mano ali chilumire.

"Ukuchita chiyani pano?"

"Mwaswera bwanji, bambo a ana? Ndaperekeza ana kudzadya."

"Nanga chimtondochi?"

"Chandiperekeza ine."

"Ukudziwa amene amakhala nyumba iyo? Ndi bwana wanga, mzungu. Wandifunsa kuti mayi woimba uja ndani."

"Munati ndani?"

Yankho anandiuza pambuyo pake ndi khukhi uja, kuti bambo a ana anati ndine wamisala wa kukomboni. Koma mkazi wa mzunguyo anafunsa khukhi wake tanthauzo la nyimbo, ndipo nkhalamba ija inamasulira zonse, tambala, nsapato, bondo, osasiyako kanthu, inawonjezeranso ndi zake.

"Nyamula zinthu zako uzipita, apo ayi ndiitana apolisi."

"Itanani. Muwauze abwere ndi kambale, nsinjiro za lero zatuluka bwino."

Anaitanadi. Tsiku lotsatira kunabwera wapolisi wa pamgodi pa njinga, munthu wamimba yake, Mbemba. Ndinaganiza za ana, kuti ndikatsekeredwa atsala m'kati mwa geti ndipo sadzatulukanso. Koma munsi sindinausiye. Wapolisiyo anatsika, anazungulira mtondo, anandiyang'ana kuyambira kuduku mpaka kuphazi.

"Imwe bamayo," anatero, "bushe mbewa zatha kwanu kuti mudzasokosere anthu kuno?"

Nditangomva mbewa, mtima unakhala pansi. Abemba ndi ife akum'mawa tili pachimbuya, timanyozana pamaliro ndi paukwati pomwe ndipo wokwiya ndiye wolakwa. Iwo amati timadya mbewa, ife timati amadya anyani.

"Zatha mukwai," ndinayankha. "Ndinabwera kudzapempha nyani mmodzi, koma ndaona mimbayo, mwamaliza onse."

Anaseka mpaka anagwira chishalo cha njinga. "Nyimbo zimene mukuimbazi n'za ndani?"

"Za nkhuku."

"Nkhuku ya ndani?"

"Nkhuku basi. Ina n'ja lole."

Anapita pageti pamene bambo a ana anaima atapinda manja. Ndinamumva akunena mwaulemu wake kuti bwana, mayiyu ali pamsewu, mpanda sanaukhudze, dzina la munthu sanatchule, ndipo nkhuku ndi lole sizinabwere kudzadandaula kuofesi. Nkhani za m'banja, bwana, zili ndi eni ake. Anakwera njinga. Podutsa pa ine anati, "Mbuya, tsitsaniko pang'ono, ena agona, anali pa naiti, agwira ntchito usiku wonse." Tsiku limenelo ndinatsitsadi, chifukwa cha ogonawo.

Mkazi watsopano ndinali ndisanalankhule naye. Ndinkamuona akuchokera kusukulu, nsapato zazitali, mabuku pachifuwa, n'kulowa osacheuka. Tsiku lina anatuluka ndi kapu ya madzi pa kambale, anandipatsa ndi manja awiri. Ndinaona kuti diresi yayamba kumukanira pamimba.

"Ndauzidwa zimene mumaimba," anatero, Chinyanja chake chopindikira ku Chibemba.

"Inu mulibemo m'nyimbomo, amayi."

"Ndikudziwa. Koma ndikamadutsa, olera ana amandiyang'ana ngati ndadya mwana wa munthu."

"Ana anga mumawadyetsa bwino, amandiuza. Mlandu wanga suli ndi mphika wanu. Uli ndi msewu uwo."

Anayang'ana kumene ndinaloza, anatenga kapu yake nalowa.

Chimene chinandilasa sichinachokere kwa apolisi kapena kwa mwamuna. Tinali pobwerera, mtondo uli pamutu, wamng'ono ali kumsana, tangodutsa njanji. Wamkulu anali patsogolo, ndipo analankhula osatembenuka.

"Amayi, mawa musaimbe."

"Chifukwa?"

"Ana a kumeneko amandifunsa ngati ndinu amisala. Ine ndimati sindikudziwani."

Iye anapitiriza.

"Adadi andionetsa bedi. Langalanga, logona ndekha. Lili ndi nsalu yamaluwa."

Adadi. Ndi mmene anawaphunzitsira kuitana kumayadiko. Mtondo umene ndinausenza masiku onsewo osaumva unalemera ngati athiramo miyala ya pamgodi. Ndinautula m'mbali mwa njira, ndinamuitana, anabwera akuyang'ana pansi.

"Bedi ndi labwino, mwanangu," ndinatero. "Ine ndilibe. Ndili ndi mphasa ndi msana uwu. Tsiku limene adzakufunse, udzanene za mumtima mwako, sindidzakumenya, sindidzakutukwana. Koma kuimba ndiimba. Ndikakhala chete mudzapita nonse atatu popanda wokufunsani."

Kuyambira tsiku limenelo anasiya kundilankhula. Madzi ankatunga, mng'ono wake ankamusambitsa, koma kwa ine pakamwa anatseka. Mawa lake ndinaimba, mawu akutuluka ngati akudutsa paminga. Ndinaimbabe.

Mvula isanathe, wotumiza uthenga ku Ndola anali bambo a ana eni ake. Ankafuna tikakambirane kwawo, pa mipando yofewa. Ndinakana. Ndinati mfundo imamasulidwa pamene inamangidwa. Ndiye Lamulungu lina titachoka ku Misa, galimoto inalowa m'mizere ya ku Wusakile, anatsika iwo, mkazi wawo, ndi amalume a jekete lija. Tinakhala pakhonde la alongo anga.

"Ndamva kuti mwatsegula msika pakhomo pa mphwangayu," anayamba amalume.

"Pakhomo ayi, amalume, pamsewu. Ndimaperekeza ana kokadya, monga munagamulira inu."

"Ndi mtondo?"

"Ukakhala wokha umasungulumwa."

Bambo a ana sanaseke. "Ine ndatopa kuchititsidwa manyazi. Ana ndiwatenge onse, lero lomwe. Chakudya chili kwanga, sukulu yabwino ili kwanga. Kuno amagona mothithikana ngati matumba a makala. Ufulu wabwera, za kuchikazi izi n'za kumudzi."

Onse anayang'ana kwa alongo anga, poti yankho linayenera kuchokera kwa nkhoswe. Iwo anali kuyang'ana zala za kumapazi. Ndinati mumtima, mukakhala chete lero, ana apita, ndipo ine ndidzasinja pakhomo panu pano mpaka mudzasamuke. Kaya anamva mtima wangawo, kaya. Anakweza mutu.

"Alamu," anatero, "pansi paja ndinu bwana. Mukati kumba apa, ndikumba. Mawa mukafuna mundiike kumalo kotentha, ndipita. Koma pakhonde pano malume wa ana awa ndine. Sachoka."

Ndinafuna kuimba nthungululu, ndinadziluma lilime.

"Chabwino," anatero bambo a ana. "Tifunse mwini wake. Wamkuluyo ali ndi nzeru, anene yekha."

Kwathu mwana safunsidwa pabwalo, koma amalume anangogwedeza mutu, ndipo ine ndinali nditamulonjeza mwanayo. Anamuitana. Anatuluka m'nyumba, anaima pakati pathu, manja kumbuyo. Ine ndinayang'ana mphasa kuti asaone maso anga, asanene kanthu chifukwa cha chisoni.

"Bedi ndalikonda, adadi," anatero ndi mawu aang'ono.

M'makutu mwanga munalira ngati belu la pamgodi.

"Koma ang'ono angawa sagona ine ndikapanda kukhalapo. Ndipo amayi sangawapereke, mwawaona nokha. Ndiye ndikhala kuno."

Sananene kuti akundifuna ine. Anakhala pansi pamphasa yanga, koma kumapeto kwake, osandikhudza. Ndinalandira zomwezo. Wanjala sasankha mbale.

Kenaka mkazi watsopano uja anawomba m'manja kupempha malo. "Ndilankhuleko, mukwai. Wanga ali m'njira, mukuona. Ana a mnzanga ndikhoza kuwapatsa chakudya ndi mtima umodzi. Koma kuwalanda amayi awo ali moyo, ndiponso amayi a mawu otere, awe. Nyumba ija sitidzagonamo tulo."

Amalume anaseka poyera ulendo uno, alongo anga nawo, ngakhale akazi amene ankanamizira kuchapa pampope. Bambo a ana anayang'ana mkazi wawo ngati amuona koyamba.

"Nanga inu, make ana, mukufuna chiyani?" anandifunsa amalume.

"Sindiwonjeza kanthu. Chimene ankadya azidya chomwecho. Koma woyenda akhale chakudya, ana akhale pansi. Mwezi ukatha, ufa, ndiwo, mafuta, shuga ndi sopo zibwere pakhonde pano."

"Ndizituma wolima maluwa pa njinga," anatero bambo a ana.

"Wolima maluwa sanabale ana awa."

"Galimoto unagulira chiyani, mphwanga?" anafunsa amalume. "Kuyendera mphepo?"

"Koma m'manja mwake ine sindiika kanthu."

"Muziika pansi," ndinatero. "Msana ndili nawo, ndiziwerama."

Tinamanga choncho. Tinawonjezapo kuti mwana akafuna kukacheza kwa atate ake Loweruka, azimutenga pa galimoto ndi kumubweza pa galimoto, phazi lake lisapondenso njanji ija. Amalume anati aliyense awombe m'manja kuti wamva. Bambo a ana anawomba kamodzi, mofooka, ngati akupha udzudzu.

Mwezi utatha ndinasesa pakhomo m'mawa, ndinakhala pamphasa, ndinadikira. Dzuwa linakwera. Alongo anga ankangotuluka ndi kulowa. Anali atawasinthadi malo pansi paja, kuwaika kotentha, ndipo sanandidandaulire ngakhale kamodzi. Dzuwa litapendeka tinamva ana a mumzere akukuwa, "Motoka! Motoka!" Inabwera pang'onopang'ono, ikuzemba maenje, gulu la ana likuithamangira pambuyo.

Bambo a ana anatsika atavala malaya oyera ndi tayi. Anayang'ana uku ndi uku kufuna woti awanyamulire, koma amuna onse a mumzere mwadzidzidzi anali otanganidwa, wina ndi njinga, wina ndi wailesi. Anatsegula kumbuyo, anakoka thumba la ufa, analiika paphewa. Phewa linali lisanaiwale ntchito, ndiwayamikire pamenepo. Anayenda nalo pamaso pa akazi onse a pampope, analitula pakhonde, ufa uli mbuu pa tayi ndi m'khutu. Anabwereranso, anabweretsa katoni. Anaima akupuma.

"Wakondwa tsopano?"

Ndinawerama monga ndinalonjezera. Ndinatsegula katoni. Kapenta, nyemba, botolo la mafuta, shuga. Ndinasuntha ichi, ndinasuntha icho.

"Sopo?"

Anasuzumira m'katoni, sopo munalibe.

"Sitolo ya pakona sinatseke," ndinatero. "Ndi pafupi, mukhoza kupita wapansi."

Anayang'ana akazi a pampope. Kenaka anadzikuntha ufa paphewa, anatembenuka, analunjika kusitolo, wachiwiri uja akuwatsata pambuyo ndi chipsera chake kuti mwina amugulira switi.

Kumbuyo kwanga chitseko chinalira. Anali wamkulu, amene sanandilankhule kuchokera tsiku la panjanji lija. Anayang'ana thumba, anayang'ana katoni.

"Amayi, ndiyatse mbaula?"

"Yatsa mwanangu, yatsa! Uthire makala ambiri, usaumire!"

Tsiku limenelo anadyera pakhomo, onse atatu, miyendo itatambasuka pamphasa, ine ndikuwaona. Mawa lake anadyeranso pomwepo, ndi mkuja, mpaka anakula, anandipitirira msinkhu, onse atatu m'manja mwanga.